Dzira la Kumanzere

Pa siteji ya mabasi, pakati pa mayi wogulitsa tiyi ndi mpanda wa fakitale ya sopo, panali benchi yopendekeka, ndipo pa benchiyo pankakhala bambo wogulitsa mazira owiritsa. Aliyense ankamutchula Kamchere, chifukwa poitanira malonda ankati dzira n'logula koma kamchere n'kaulere, ngati kuti alipo munthu anagulitsapo mchere wothira pa dzira.

Kamchere ankadziyesa dokotala wa pa sitejipo. Munthu sankangogula dzira n'kumapita, ankalandira kaye ulaliki. Ankauza makondakitala kuti dzira limamanga thupi, limagwira m'mimba mpaka masana, ndipo silifuna mafuta okazingira omwe amatha anthu masiku ano. Dalaivala wina wonenepa, wodwala kuthamanga kwa magazi, ankafuna kumeza mulu wonse nthawi imodzi, koma Kamchere ankamuletsa, amvekere limodzi likwana, lachiwiri akafunse kaye kuchipatala. Dalaivalayo ankatukwana, anthu n'kumaseka kuti wamalonda wanji wokana kasitomala. Chopweteka pa nkhani yonseyi n'chakuti zambiri zomwe Kamchere ankalalikira zinali zoona.

Koma ntchito iliyonse ili ndi kuseri kwake. Mazira ankawiritsa ndi mkazi wake kunyumba m'mamawa, ndipo lamulo la mayiyo linali limodzi: dzira lobwerera madzulo lidyedwe pakhomo tsiku lomwelo, lisagone. Poyamba ana ankalikonda lamuloli, kenako anatopa nalo mpaka wamng'ono ankathawira kwa aneba akangomva kugogoda kwa dzira pa mbale. Nyengo yotentha itafika malonda anazilala, otsala anachuluka, ndipo Kamchere anayamba kuwasiya m'kabokosi komwe ankasungitsa kwa mlonda wa pa fakitale. M'mawa ankapempha madzi otentha kwa mayi wa tiyi, ati osamba m'manja, n'kukaviikamo mazira ogonawo kuseri kwa mpanda. Wogula dzira saona m'kati, amangoligwira. Likakhala lofunda mtima wake umakhala pansi.

Ofunditsawo ankawaika kumanzere kwa thireyi, atsopano kumanja. Akumanja anali a anthu odziwana nawo, oti mawa adzabweranso. Akumanzere anali a apaulendo, aja otulutsa dzanja pa zenera la basi, omwe m'mimba mukayamba kuwapota amakhala afika kale kutali ndipo amanamizira madzi a komwe apitako. Kamchere sankaona ngati akulakwira munthu. Iye ankati n'kusamala katundu, ndipo kwa mkazi wake ankadzitama kuti masiku ano thireyi ikumatha yonse.

Mwa makasitomala akumanja munali mayi wina wachitsikana, wosita zovala pa malo ochapira a tsidya lina la msewu. Ankabwera m'mawa uliwonse ali ndi mwana kumbuyo, kamtsikana kongoyamba kuyenda, kowonda, ka tsitsi lofiirira lapatalipatali. Ku sikelo anali atamuuza kuti mwanayo sakukwera, azimupatsa dzira lowiritsa tsiku lililonse. Mayiyo ankachoka kunyumba kusanache bwino, nthawi yokoleza moto analibe, choncho dzira la mwana ankagulira pa benchi ya Kamchere.

Kamchere anamukonda mwanayo mopanda chifukwa chenicheni, monga momwe munthu amakondera mwana wa eni. Ankamutchula bwana wamkulu. Dzira lake ankasankha lalikulu, n'kulisenda yekha, n'kuliphwanya ndi kasupuni m'kambale komwe ankasungira mwanayo basi, osathira tsabola, mchere pang'ono chabe. Patapita miyezi masaya anayamba kuoneka, tsitsi linada, miyendo inalimba mpaka ankathamangitsa nkhunda za pa siteji. Kamchere ankaloza n'kumauza aliyense woima pafupi kuti ameneyu wamunenepetsa ndi iyeyo, madokotala angolembapo dzina. Mayiyo ankangoseka n'kunena kuti achimwene awa pakamwa pawo sipatopa.

Tsiku la tsokalo basi ina inabwerera chammbuyo mosaona, ndipo Kamchere anatola thireyi yake msangamsanga n'kuthawira nayo ku mpanda. Atamaliza kukalipira kondakitala anaibwezera pa benchi, osazindikira kuti waitembenuza. Nthawi yomweyo mayi wosita uja anafika akupuma mwawefuwefu, wachedwa ku ntchito. Anati lero asavutike n'kusenda, akamudyetsera konko. Kamchere anatambasula dzanja kumanja monga mwa nthawi zonse, natola dzira, nalikulunga m'kapepala.

Analizindikira akulipereka. Linali ndi mng'alu wopyapyala kumutu kwake, ndipo mng'alu umenewo ankaudziwa, chifukwa dzira limeneli linali litagona m'kabokosi kangapo, n'kuviikidwa kangapo, apaulendo akulikana chifukwa cha mng'alu womwewo. Koma dzanja linali litapereka kale. Mayiyo anathokoza, nakaima m'mbali mwa msewu kudikira kuti magalimoto adutse. Anaima pamenepo nthawi yokwanira kumuitana, ndipo Kamchere anatsegula pakamwa. Kenako anaona mayi wa tiyi akumuyang'ana, anaganiza zoti afunsidwa kuti dzira lofunda chonchi lavuta chiyani, ndipo basi ina inaima, manja n'kuyamba kutuluka m'mazenera. Anadziuza kuti likakhala loipa mayiyo amva fungo, si mwana. Potembenukanso anapeza atawoloka.

M'mawa mwake mayiyo sanabwere. Kamchere anasunga dzira lalikulu pambali mpaka dzuwa linafika pamutu, kenako analigulitsa kwa wina. Mawa lakenso zii. Anayesa kudzilimbitsa mtima kuti mwina apita kumudzi, mwina asintha nthawi ya ntchito, koma maso ake sankachoka pa chitseko cha kochapira kuja. Potsiriza anaitana bambo wina wa komweko, wonyamula mitolo ya zovala pa njinga, n'kumufunsa ngati mocheza kuti bwana wamkulu wasowa bwanji. Wanjingayo anati mwanayo ali m'chipatala, anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba ali ku ntchito komweko, pofika madzulo maso anali atalowa, ndipo amuika diripi. Ananena zimenezi uku akusenda dzira lake, n'kupempha kamchere kaulere kaja.

Amati choipa chitsata mwini, koma ichi chinalambalala mwini n'kukagwera mwana wa eni. Kamchere anataya zonse za m'kabokosi m'dzala la kuseri kwa fakitale, ndipo madzi osamba m'manja sanapemphenso. Otsala anayambanso kubwerera kunyumba. Mkazi wake anafunsa kuti malonda aja ankatha onse apita kuti, iye anangoyankha mwaukali kuti anthu alibe njala. Chakudya sichinkatsika. Akakhala pa benchi pakamwa pankalemera, ulaliki unatha, moti dalaivala wonenepa uja tsiku lina anameza mazira momwe anafunira popanda womuletsa, n'kuchoka ali wokhumudwa. Kamchere anapita mpaka pa geti ya chipatala nthawi yoona odwala, atagula sopo ndi shuga. Anaima pagulu la anthu onyamula mabasiketi, geti itatsegulidwa anzake analowa, iye anabwerera. Sopoyo anakapereka kwa mkazi wake, yemwe anamuyang'ana nthawi yaitali chifukwa sinali nthawi yake yogula sopo.

Mwanayo sanafe. Tsiku lina m'mawa mayi wosita anatulukira pa siteji ali naye kumbuyo, ndipo Kamchere anamva chimwemwe chosakanikirana ndi mantha. Masaya aja anali atapita onse, khosi linkaoneka lalitali, mutu unangotsamira pa msana wa mayi ake. Kamchere anali atakonzeka kutukwanidwa, ndipo kunena zoona ankakufuna kutukwanidwako. M'malo mwake mayiyo anamupatsa moni mwaulemu, nathokoza kuti anamva zoti ankafunsa za mwana, kenako n'kupepesa.

"Musadabwe achimwene, dzira sindigulanso. Si inu ayi. Mwanayu mazira sakumuyanja."

Anafotokoza kuti bambo a mwanayo anakalipa kwambiri, ati kuyambira kale ankanena kuti dzira n'lolemera pa kamimba ka mwana, koma mkazi wawo amamvera za ku sikelo kuposa za mwini nyumba. Anamwino potulutsa mwanayo ananena kuti apitirize kumupatsa mazira owiritsa bwino, chifukwa ndi omwe angamubwezere thupi msanga, koma iye anangovomera pakamwa. Anaona yekha zomwe dzira linachita, ndipo anamudyetsa ndi dzanja lake lomwe, mothamanga, uku akuyang'ana simbi. Tsopano akumupatsa kaphala kamadzimadzi ndi tiyi, zinthu zopepuka.

Kamchere anati pepani, pepani kwambiri, ndipo mawuwo anatuluka bwinobwino ngati a munthu wosalakwa. Mayiyo atawoloka msewu, iye anakhala pansi n'kuyamba kusanja mazira omwe anali osanjika kale.

Apa ndi pomwe nkhani inamuvuta. Akanatukwanidwa akanapepesa, zikanatha. Koma tsopano mlandu wake unali utasenzedwa ndi anthu awiri osalakwa, mayiyo ndi dzira, ndipo wolipira anali mwana. M'mawa uliwonse ankawaona akudutsa, mayiyo akugwedeza mutu popereka moni, mwanayo ali lende kumbuyo. Milungu inapita koma thupi silinabwerere. Tsitsi linayambanso kufiira m'mbali mwa makutu, ndipo wanjinga uja anati ku ntchito mwanayo amangogona pansi pa tebulo, sasewera ngati kale.

Kamchere anayesa njira yachidule. Anaimitsa mayiyo n'kuyamba ulaliki wake wakale, kuti dzira limamanga thupi, kuti anamwino sanganame, kuti mwina anali madzi akumwa kapena ntchentche. Anafika ponena kuti azimupatsa laulere. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, namwetulira motopa, n'kunena kuti akudziwa kuti amamukonda mwanayo, koma iwo ndi amalonda, sanganyoze katundu wawo. Anatinso akangoona dzira amakumbukira maso a mwana wake atatembenuka, ndiye asamukakamize. Kamchere anazindikira kuti zoona zake zonse zija zinalibe ntchito malinga ngati choona chimodzi chikadali m'thumba.

Madzulo ena, ana akusewera panja, anamuuza mkazi wake. Mkaziyo anali akutsuka poto wamkulu wowiritsira mazira, ndipo sanasiye kutsuka mpaka mwamunayo anamaliza zonse, za kabokosi, za madzi otentha, za mng'alu. Sanakalipe, ngakhale pakamwa pake pankadziwika mzere wonse wa nyumbazo. Anangofunsa ngati m'masiku onsewo anaganizapo kuti apaulendo aja nawonso amakhala ndi ana pamiyendo. Kamchere anazemba funsolo. Anayamba kufotokoza kuti akaulula nkhani imveka pa siteji ponse, benchi ithera pomwepo, ndipo pakhomo pano adya chiyani.

"Ndiye mwandiuza ine kuti nditani?" anatero mkaziyo akukhuthula madzi. "Wodwala si mwana wanga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo."

Kamchere anazengereza masiku ena angapo, poti manyazi sachoka ndi mwambi umodzi. Koma tsiku lina masana anasiya thireyi m'manja mwa mayi wa tiyi n'kuwoloka msewu. Anali asanalowepo kochapirako. Munali motentha, mwa nthunzi ndi fungo la sopo, makina akulira kuchipinda chamkati, nsalu za pabedi zitapachikika mizere mizere. Anzake a mayiyo anali atapita kukadya. Iye anatsala yekha pa tebulo lalitali akusita malaya oyera, ndipo pansi pa tebulopo, pa thaulo lopinda, panagona mwanayo maso ali otsegula, akuyamwa chala.

Mayiyo anadabwa kumuona, nafunsa ngati kwagwa zovuta. Kamchere anavula chipewa, chinthu chomwe sankachita ngakhale pamaso pa apolisi. Mawu omwe anakonza m'njira onse anabalalika, ndiye anangoyamba pakati. Anati dzira lija silinali latsopano. Linali logona, losweka, lokhalitsa m'kabokosi pa kutentha konse kuja, ndipo kufunda kwake kunali kwa madzi a m'ketulo. Anati mwanayo anadya mazira miyezi yonse ija osadwala chifukwa anali abwino, ndipo chomwe chinamupweteka si dzira ayi, ndi iyeyo. Anapempha kuti amuchite chilichonse, akanene kulikonse, koma mwanayo ayambirenso kudya zomwe anamwino ananena.

Mayiyo anaimika simbi pa chitsulo chake mosamala. Anapinda mkono wa malaya aja, naupindanso, ngakhale unali wopinda kale. Atayankhula, mawu ake anali otsika.

"Munadziwa liti?"

Kamchere akanatha kunena kuti madzulo ake, kapena atamva za chipatala. Palibe akanamutsutsa.

"Musanawoloke msewu, achemwali."

Mayiyo anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Anati anaima nthawi yaitali m'mbali mwa msewu tsiku limenelo, akukumbuka, chifukwa kunadutsa malole otsatizana. Kamchere anavomera kuti anaimadi. Kenako mayiyo ananena, osakweza mawu, kuti mwamuna wake anamutchula chitsiru m'wodi, pamaso pa azimayi anzake ndi anamwino, ndipo iye anavomera kuti ndi chitsirudi. Anati kuyambira tsiku limenelo sanadyepo chakudya n'kuchimva kukoma, ndipo nthawi zonsezi ankadutsa pa benchi paja n'kumapereka moni, mpaka kupepesa.

"Ndinakupepesani ine," anatero, ngati akudziuza yekha.

Kamchere anafuna kunenanso pepani koma anaona kuti mawuwo anawawononga kale tsiku lija. Mwanayo anali atamuzindikira, anatulutsa chala m'kamwa n'kumamuyang'ana. Mayiyo anatenganso simbi, nauza Kamchere kuti atuluke, abwana sakonda alendo m'kati muno.

Anabwerera pa benchi akudikira chimphepo. Ankayembekeza mwamuna wa mayiyo kubwera ndi ukali, kapena makondakitala kuyamba kumuloza, kapena akuluakulu oyang'anira za ukhondo kudzalanda thireyi. Palibe chinachitika. Mayiyo sanauze munthu pa sitejipo, mwina chifukwa analibe nthawi, mwina chifukwa anaona kuti munthu wotere sayenera ngakhale kumutayira malovu. Makasitomala anapitiriza kugula, dalaivala wonenepa anapitiriza kudandaula kuti adokotala asiya ntchito. Kamchere anayamba kuuza mkazi wake kuti aziwiritsa ochepa, ndipo akatha msanga ankabwerera kunyumba dzuwa likadalipo. Mayi wosita anasintha njira. Ankatsikira patsogolo, pafupi ndi sitolo ya zitsulo, n'kuyenda tsidya linalo mpaka pa ntchito. Ngati mwanayo anayambanso kudya mazira kapena ayi, Kamchere sankadziwa, ndipo kufunsa wanjinga ankaopa. Kusadziwako kunkamudya kuposa china chilichonse, chifukwa mwina anangowonjezera bala popanda kuchiritsa kanthu.

Anadzaona yekha m'mawa wina, msewu utachita bata. Mayiyo anafika molawirira, chitseko cha kochapira chisanatsegulidwe, nakhala pa sitepe, n'kutsitsa mwana kumuika pamwendo. M'chikwama anatulutsa kachitini, ndipo m'kachitinimo munali dzira, loti wawiritsa yekha kunyumba, kutanthauza kuti tsopano ankalawirira kuposa kale kuti akoleze moto. Analitembenuza uku ndi uku kuyang'ana chigoba, nalisenda, nalinunkhiza, naluma kachidutswa iye mwini n'kudikira pang'ono. Kenako anayamba kumupatsa mwanayo, ndipo mwanayo ankatsegula pakamwa dzanja lisanafike.

Kamchere anaimirira osadziwa kuti waimirira. M'maso munadzaza misozi, ndipo sanadziwe ngati ndi ya chisangalalo kapena ya manyazi, poti zonse zinalipo. Pakati pa kutafuna mwanayo anaponya maso tsidya lino, namuona, natambasula kadzanja kodzaza zinyenyeswa zachikasu kuloza pa benchi. Mayi ake anatsatira kadzanjako ndi maso mpaka anakumana ndi a Kamchere. Sanakwinye nkhope. Anangomunyamula mwanayo m'khwapa, namutembenuza kuti ayang'ane kuchitseko, n'kupitiriza kumudyetsa.